Njuchi za ku Formosa

Amancio ananyamula mng'oma wachiwiri. Unali wopepuka ngati woyamba. Atatsegula anapeza ana a njuchi ali tho m'zisa, koma uchi munalibe. Chisanu cha ku Tandil, kwawo kwa mkazi wake, chinali chitayamba kale kuluma makutu.

Apongozi ake, mayi Nélida, anaima chapatali akumwa tiyi wa kumeneko wotchedwa mate. Njuchizo zinali zitawaluma kale kawiri.

"Akamwini, tiziwanda tanuti tikudya ngati tili paukwati. Sitikudziwa kuti Juni wayandikira?"

"Kwathu ku Formosa maluwa sasowa nthawi yaitali, amayi. Bambo ankafula uchi wonse, njuchi n'kumadzionera zokha."

"Ndiye inunso munafula wonse?"

Amancio anangokanda m'mutu. Ming'oma iwiriyi ndi yokhayo imene malemu bambo ake anamusiyira.

Mayi Nélida anapita pa ming'oma yawo n'kutola njuchi yakufa. Amancio anatola yake. Mayiwo anaziika pamodzi pachikhatho cha Amancio, iye n'kuwerama. Anali asanaziyang'anitsitsepo chotero. Ya apongozi inali yonenepa, yachikasu. Yake kanali kakang'ono, kakuda, timapiko tatifupi.

"Koma zonsezi ndi njuchi ndithu?"

"Inu ndi mwana wanga nonse ndinu anthu. Nanga amagona atavala masokosi awiriawiri ndani?"

Amancio anaseka.

"Zanga kukazizira mfumukazi imaleka kuikira mazira," anatero mayiwo. "Zimaunjikana pamodzi, n'kumadya pang'onopang'ono. Zanuzi chisanu sizichidziwa. Ziswana mpaka njala izimalize."

"Nditazipatsa madzi a shuga?"

"Chaka chino zingapulumuke. Nanga chaka chamawa? Iphani mfumukazi zanuzo, ndikupatsani zanga. Chisanu chikatha, m'miyezi iwiri yokha zonse m'menemo zidzakhala zakuno."

"Ndiye za bambo zitsala ziti?"

"Matabwawo."

Anayang'ananso kanjuchi kakuda kaja. Kwawo kanali katswiri. Kutentha, nyerere, mbalame, zonse kankalimbana nazo. Kuno kanali kamlendo ngati iye.

Anaimbira foni mlongo wake Zulma ku Formosa. "Pansi pa mtengo wa bambo paja padakali malo?"

M'mawa mwake, njuchi zisanatuluke, anatseka makomo a ming'oma ndi sefa n'kuikweza m'galimoto. Ulendo wa ku Formosa unali wa masiku awiri.

"Mukabwerako mupeza ming'oma iwiri ya zanga ikukudikirani," anatero mayi Nélida. "Siziluma akamwini."

Amancio anagwedeza mutu. M'thumba la malaya munali kabokosi ka machesi, muli njuchi ziwiri zija. Ankafuna kuti Zulma akaone yekha.