Masamu Apambali

Ku Kawale kunalibe munthu wosadziwa kuti mwana wa a Laws Kumwenda ali ku yunivesite ku Zomba, ndipo adzatulukako katswiri wa masamu. Ngakhale amene sanafunse ankauzidwa. Wogulitsa makala ankadziwa, kondakitala wa minibasi ankadziwa, ndipo madoda a ku tchalitchi, amene ankabwera Lamulungu lililonse kudzamwa tiyi pakhonde akucheza m'Chitumbuka, nkhaniyi inali itawakola, kungoti ankapirira mwaulemu.

Koma musawaseke kwambiri. A Kumwenda anali mphunzitsi wa masamu mu Lilongwe momwemu mpaka mu 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. Pokhala akumpoto nawonso, a Kumwenda anakwera lole ndi sutikesi imodzi. Akazi awo, a Dinah, mwana wa ku Dowa, anatsala ndi makina awo osokera komanso ndi Thumbiko, amene anali adakali ku pulayimale. Zinthu zitasintha bamboyo anabwerera, koma ntchito ya boma sanaifunenso. Anakhoma bolodi pakhonde n'kumaphunzitsa ana a anthu oyandikana nawo. Chilonda chija anangochiphimba, sichinapole.

Mu 1999 Thumbiko anabwera ku tchuthi atamaliza chaka chachiwiri. Masiku onse ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Loweruka lomaliza anawapeza bambo ake akupukuta bolodi.

"Adada, pali nkhani. Kusukulu kwathu, zaka ziwiri zoyambirira timaphunzira zinthu zingapo. Tikamalowa chaka chachitatu timasankha phunziro limodzi lalikulu, lija timati meja. Makalasi ambiri amakhala a limenelo, ndipo digiri imadziwika nalo. Kenako pamakhala lina lapambali, la makalasi ochepa."

"Nanga chovuta n'chiyani? Lalikulu ndi masamu. Lapambalilo tenga chilichonse, ngakhale kuimba."

"Ndinasankha kale, adada. Lalikulu ndi Chichewa ndi maphunziro a zilankhulo. Masamu ndi apambali."

A Kumwenda anaika chopukutira pansi pang'onopang'ono.

"Walephera masamu?"

"Ayi, ndakhoza bwino."

Apa ndiye panawawa kwambiri. Kulephera akanakukhululukira, poti mphunzitsi aliyense amadziwa chochita ndi mwana wolephera. Koma uyu anakhoza, kenako n'kutenga masamu ndi manja ake awiri n'kuwakhazika kukhonde ngati mlendo wosaitanidwa.

"Chichewa!" anakuwa. "Chimene ukulankhula ndi mayi ako kukhitchiniko, ukachitengere digiri? Ana a kwathu ankakwapulidwa m'kalasi chifukwa cha chilankhulo chimenechi. Amene anandikweza lole anandiuza m'chilankhulo chimenechi!"

"Chilankhulo sichinakukwezeni lole, adada. Anali anthu."

"Zingasinthidwe?"

Thumbiko anayang'ana pansi. "Sabata yoyamba tikatsegulira amalola kusintha."

"Ndiye ukasinthe. Ukapanda kutero, za digiri yakoyo usadzandiuze."

Lamulungu madoda aja anafika monga mwa nthawi zonse. A Collins Msiska, mkulu wa mpingo, anamuitana Thumbiko n'kumufunsa m'Chitumbuka za maphunziro ake. Mnyamatayo anayamba bwino. Moni anatha, kuthokoza anatha. Koma atafika pofotokoza chimene akufuna kudzachita, lilime linalemera. Anafunafuna mawu, n'kukanda mutu, kenako anangogwera m'Chichewa, ndipo pomwepo nkhope yake inawala. Anafotokoza mmene amafunira kudzalemba mabuku a masamu oti mwana wa ku Mgona, dera la anthu osauka lija, awerenge n'kumva popanda kulira. Madodawo anaseka pang'ono, a Msiska n'kunena kuti ana a m'tauni ndi choncho. A Kumwenda sanaseke. Tiyi wawo anazizirira m'kapu.

Alendo atapita, a Kumwenda analowa m'nyumba kwa akazi awo atakwiya.

"Mwamuona mwana wanu? Kundichititsa manyazi pamaso pa anzanga! Ngakhale chilankhulo cha bambo ake chikumukanika."

A Dinah sanaimitse makina msanga. Anamaliza mzere umene ankasoka, n'kudula ulusi ndi mano.

"Bambo a Thumbiko, zaka zija munali kumpoto, mwanayu ankalira usiku kufuna inu. Mukuganiza kuti ndinkamutonthoza m'chilankhulo chanji? Masamu ndi anu, sanawataye. Koma anakula ndi ine."

Bamboyo anatuluka n'kukhala pansi pa bolodi lawo. Nthawi yonseyi ankawerengera zimene lole ija inawalanda: ntchito, ulemu, nyumba ya kusukulu. Sanaganizepo kuti inawalandanso zaka zimene mwana amasankha mawu olotera. Chisoni chinawagwira, chosakanikirana ndi mkwiyo umene sanadziwe woupatsa.

Lolemba m'mawa a Kumwenda anamuperekeza Thumbiko kudepoti. Basi ya ku Zomba inali ikudzaza, anyamata akuponya katundu padenga. Thumbiko anaima pakhomo la basi, chikwama paphewa, kudikira mawu omaliza. A Kumwenda anadziwa kuti akalamulanso, mwanayo akasinthadi, chifukwa anali womvera. Anadziwanso kuti akatero adzakhala ndi katswiri wa masamu amene sadzawayang'ananso m'maso.

"Lapambali lija," anatero, "limalembedwa pa pepala la digiri?"

"Pa pepala la zotsatira limaoneka, adada. Kungoti limabwera m'munsi."

"M'munsi." Anagwedeza mutu kwa kanthawi. "Koma limakhalapo."

"Limakhalapo."

"Usalisiye."

Thumbiko anatsegula pakamwa, koma kondakitala anamukankhira m'kati. Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa mawu otsanzika m'Chitumbuka, opotoka ngati a mwana wophunzira kulankhula. A Kumwenda anakweza dzanja. Sanamukonze.

Pobwerera anadutsa kwa wogulitsa makala uja, amene anawapatsa moni mwansangala.

"Aphunzitsi! Katswiri wathu wa masamu wapita?"

"Wapita," anayankha a Kumwenda, n'kupitirira osaima.