Denga la Phula la Esinati

1.
Misomali inayi. Lina pamwamba.

2.
Filimoni Dzimbiri ndi munthu woyenda. Durban, Gaborone, Beira, Kitwe, ndi kwina kumene basi ya ku Linthipe siinalotepo. Anachoka kwawo ndi patapata woduka, anabwerera ndi lole yakeyake, yodzaza matabwa ndi matailosi a phula, opindika ngati chikopa. Tsiku lomwelo anakwera pa nyumba ya mlongo wake Esinati n'kuyamba kuzula malata.

3.
Malata abwinobwino amenewo! anakuwa Lufeyo, mwamuna wa Esinati.
Alamu, malata ndi a khola la nkhuku. Ndayenda ine.
Nyumbayi ndi yanga!
Dothi ndi la mbumba yanga. Inu ndinu mkamwini. Gwirani makwerero.

4.
Miyezi inayi m'mbuyomo, pa foni. Esinati ku Linthipe, Filimoni ku Durban.
Achimwene, dzinja ndiye loipa. Mvula ikayamba kumenya malata, alamu anunso amayamba kundimenya. Ndimakuwa, koma mayi Nachisale, khomo lawo lili apa pomwepa, samva kanthu.
Ankhoswe akuti bwanji?
Akuti mboni ili kuti. Akuti palibe anamvapo.

5.
Filimoni amayambira m'munsi kukwera kumtunda, tailosi lililonse kuphimba misomali ya linzake ngati mamba a nsomba, pansi anthu atadzaza, akuti Filimoni wapenga, wafolera nyumba ndi msewu, mawa minibasi idutsa padenga, kondakitala akuitanira pachumuni, iye osatembenuka n'komwe, hamala pha pha pha pha, akuwasimbira za nyumba yosanjikiza kasanu ndi kawiri imene anafolera yekha mphepo ya kunyanja yamchere ikumuvula malaya, sekani abale anga sekani, amene sanayende amaseka chilichonse, kwinaku diso lili ku phiri la Dedza kumene mitambo yayamba kuda

6.
Misomali inayi. Lina pamwamba. Msanga.

7.
Zimene denga la malata limameza mvula ikamagwa:
wailesi,
kulira kwa mbuzi,
mbale yosweka,
dzina la mayi Nachisale loitanidwa kasanu.

8.
Lachinayi masana. Filimoni wakhazika ankhoswe awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi, pakhonde la mayi Nachisale, ati adzasirire denga la ku Durban. Wayamba kale nkhani ya ku Kitwe.
Mvula.
Denga: zii.
Tsidya la bwalo chitseko cha Esinati chatsekedwa. Lufeyo wazolowera, mvula ndiyo belu lake. Chitsulo cha lamba chalira, ngwe. Mawu ake amveka onse ngati ali pakhonde pomwepo: Lero tione ngati phula la mchimwene wakoyo likulanditse.
Nkhoswe yakuchimuna ndiyo inayamba kuthamanga. Filimoni anaipitirira.
Anapeza Esinati watsegula yekha chitseko. Lamba anali akadali m'mwamba. Chikwama cha Lufeyo chinali pakhomo, chomangamanga kale.
Mwamva? anafunsa Esinati.
Tamva, mayi, anatero ankhoswe.

9.
Mpaka lero Filimoni amauza aliyense kuti nzeru ija inali yake. Ndayenda ine.
Esinati samutsutsa.
Koma foni ija isanaduke, Esinati, amene sanapitirirepo pa Dedza, ndiye anafunsa:
Achimwene, konse mwayendako, kulibe denga lokhala chete?