Mizere ya Malita

Chaka chimene mzinda wa Umtali unasinthidwa dzina n'kukhala Mutare, Malita anapatsidwa munda kuseri kwa phiri, kumene boma linkagawira anthu malo amene mzungu anasiya. Iye anabadwira pa famu ya fodya, makolo ake atachokera ku Dedza, ndipo mpaka mwamuna wake kumwalira anali asanapondepo dothi loti n'kunena kuti ndi lake. Koma mundawo unabwera ndi lamulo: ukapezeka wosalimidwa tsiku lobwera mlangizi, udzaperekedwa kwa wina.

Anzake onse anali ndi ng'ombe ndi mapulawo. Malita anali ndi khasu.

Taison, mwini munda wa kumunsi, anamupeza m'mawa wina akupuma pansi pa msuku.

"Amake Jesca, mufa nazo izi," anatero. "Ng'ombe zanga zikungogona. Masiku awiri okha ndakumalizirani. Inu mungondisiyira kachigawo ka kudamboka."

"Zikomo, bambo. Zisiyeni zigone, zatopa."

"Inu a ku Nyasalandi inu! Munda wonsewu ndi khasu? Mukuyesa dimba la anyezi?"

Malita anangolavulira m'manja n'kutola khasu lake. Ankaunga mizere monga ankachitira mayi ake kuseri kwa komboni, koma poiongola anatsata za kufamu. Kumeneko kapitawo ankakoka chingwe kuchokera kumsewu, ndipo wokhotetsa mzere ankabwezedwa. Choncho naye anakoka chingwe kuchokera kumsewu kutsetsereka mpaka kudambo, mizere yowongoka mwaa, yoti wodutsa aime n'kuyang'ana. Chimene sanaganize n'chakuti kufamu kuja kunali kwa see, pamene kuno kunali kotsetsereka.

Atagwira masabata asanu, mvula inabwera masana a Lolemba, yamkuntho. Madzi anapeza njira zokonzakonza. Anathamanga m'makwawa a mizere, nang'amba, nakokolola dothi lonse lakuda kukalitula m'munda mwa Taison.

"Ine ndinapempha kachigawo," anafuula Taison m'mawa mwake, akuseka, "inu mwanditumizira munda wonse!"

Malita anakhala pachulu nthawi yaitali, mpango uli m'manja. Kunatsala masiku asanu ndi anayi kuti mlangizi afike. Kenaka anadzuka n'kuyenda pang'onopang'ono motsata mmene madzi anadutsa, akuona pamene anathamanga ndi pamene anaima. Chingwe chija anachikulunga, nachiponya patchire.

Anayamba kugumula yekha ntchito ya masabata asanu. Mizere yatsopano anaigoneka mopingasa, yokhotakhota motsata phiri, ndipo pakati pake ankatseka ndi timizere tating'ono kuti madzi azikhala pomwe agwera. Matuza a m'manja anaphulika, iye nawamanga ndi nsanza. Mpini unathyoka tsiku lachinayi, iye nakhomera wina. Msana ukakana, ankagwada n'kumakoka dothi chogwada chomwecho.

Tsiku lija linakwana chigawo cha kudambo chisanakhudzidwe. Mlangizi, bambo Kenani, anafika pa njinga yamoto, buku lili m'khwapa. Taison anali atafika kale m'malire, atavala jekete ngati wopita kutchalitchi.

"Mayi, munda sunathe," anatero mlangizi.

"Sunathe, bambo."

"Lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa." Khasu silinaime. "Amene mumupatseyo mumuuze abwere ndi ng'ombe zamphamvu, chifukwa adzalima ndi ine ndemwe. Ine muno situluka. Ndalimira anthu fodya kuyambira ndili wosavala. Pano ndikulima changa."

"Akuderera boma ameneyu," anatero Taison.

"Boma lake ndinu, bambo? Jeketelo lisakunamizeni."

Mlangizi anatsokomola kubisa kuseka. Anayamba kuyenda m'mundamo, nakwera mpaka kumsewu, natsikanso. Mvula ya dzulo lake inali itasiya madzi pakati pa mizere, ali phee, osapita kulikonse. Anawerama, nafinya dothi m'dzanja.

"Anakuyezerani ndani mizere imeneyi?"

"Madzi omwewo. Anandilanga, ndiye ndinawamvera."

Bambo Kenani anayang'ana chigawo chosalimidwa chija, nayang'ana nsanza za m'manja mwa Malita. Anatsegula buku, nalemba pang'onopang'ono.

"Malita Banda. Munda ndi wanu. Koma kudamboko ndikupeze kutatha pomwe chimanga chizimera."

"Ndiye lamulo lija lapita kuti?" anafunsa Taison.

"Lamulo limafuna munda wolimidwa, bambo. Inu mukakonze wanu, muli ngalande ziwiri ndaziona pobwera."

Taison anavula jekete, nalikoleka paphewa, natsika osatsanzika.

Malita sanaombe m'manja, sanalulutire. Anapukuta thukuta ndi mkono, naloza pansi ndi mpini.

"Zikomo, bambo. Koma tasunthani pang'ono, mwandipondera mzere."