Fumbi Kuseri kwa Fyuluta

Mtchona analowetsa chala m'paipi yopita ku injini, nachizunguliza, n'kuchitulutsa chili psuu ndi fumbi. Anachiyang'ana nthawi yaitali ngati chala cha munthu wina.

"Ndiye mwapeza chiyani, adokotala?" anafunsa mng'ono wake, atatsamira chitseko cha galimoto.

Mng'ono wakeyo ndiye ankaiyendetsa, kunyamula anthu okumba zitsime kukawatula kumene msewu umathera. Sabata yonse galimotoyo inkafuka utsi, kumwa oyilo ngati madzi, pachitunda n'kumalira ngati ikupempha kuti aikankhe. Mayi mwini galimoto anali atanena kale mosapsatira: zikapezeka kuti ndi kusasamala kwa dalaivala, makiyi asiye patebulo.

"Mpweya ukadutsa pa fyuluta uyenera kufika kuno uli woyera," anatero Mtchona. "Injiniyi yadya mchenga. Mkati monse mwapalika."

Dzina la Mtchonali anamupatsa atabwerako kunja, kumene anatha zaka makumi awiri ndi zitatu akukonza magalimoto a mumgodi. Anabwera akuganiza kuti galaja ya bambo awo aipeza monga anaisiyira. Anapeza mtengo wamthunzi unadulidwa, masipanala anabwerekedwa mpaka kutha, ndipo ana ankamulonjera ngati mlendo pabwalo limene anaphunzirira kuyenda. Chimene chinamudikirira mokhulupirika ndi fumbi lokha.

Anatsegula bokosi la fyuluta n'kuisolola. Mphira wa m'mphepete mwake, umene umayenera kumatirira kubokosi kuti pasatsale mpata, unali utang'ambika pawiri.

"Umaiyeretsa bwanji imeneyi?"

"Ngati munthu wina aliyense." Mng'ono wake anailanda, n'kuimenyetsa patayala: phu, phu, phu! Anaitembenuza, phu, phu, phu! "M'mawa uliwonse, osaphonya. Zina nenani, koma ulesi musandinamizire."

"Ukamaimenya choncho mphirawu umang'ambika. Mpweya si wopusa, umadzera pomwe pali mpata, fumbi lili pambuyo. Anakuphunzitsa ndani zamisalazi?"

Mng'ono wake anaseka, koma m'mano mokha.

"Katatu, kutembenuza, katatu. Mwaiwala, achimwene? Pansi pa mtengo uja, sabata imene munkanyamuka. Munati fyuluta sagula, amakuntha. Ine ndinasunga mawu. Kalata yoti zinasintha sindinailandire."

Mtchona anakhala pa tayala lakale. Anakumbukira malaya amene anavala tsikulo, ndi mmene ankadzimvera kuti akudziwa zonse. Kumgodi, mwezi woyamba womwe, kapitawo anamupeza akukuntha fyuluta, namuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Anasiya tsiku lomwelo. Koma sizinamubwerere m'mutu kuti kwawo kuli wina akukunthabe, yemweyo amene ankadwazika mayi awo mpaka kuwaika m'manda iye kulibe.

Dzuwa lili paliwombo, mayi mwini galimoto anafika, akudziphimba kumaso ndi mpango. Sanakhale pansi.

"Bambo, ndiuzeni mwachidule. Ndi ukalamba wa injini kapena ndi munthu?"

Mng'ono wake anayang'ana kumbali, makiyi akulira m'dzanja. Zaka zisanu ndi zinayi anali atayendetsa galimoto imeneyi, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Kunena kuti ndi ukalamba kunali kosavuta. Koma Mtchona anadziwa kuti injini ikakonzedwa, m'mawa mwake tayala lidzamvanso phu, phu, phu.

"Ndi munthu, mayi," anatero. "Fumbi linalowera pa mphirawu. Mphira unang'ambika ndi kukuntha. Wokuntha ndi uyu. Koma womuphunzitsa ndine, pabwalo lino. Iye wangochita m'mawa uliwonse zimene mkulu wake anamuuza."

Mayiwo anawayang'ana onse awiri, wina kenako wina.

"Ndiye ndichotse ndani? Inuyo sindinakulembeni ntchito."

"Munandilemba," anatero Mtchona. "Injiniyi munati ndiikonze ndine."

Mayiwo anapuma mpweya wautali, natenga fyuluta ija, nalowetsa chikhadabo pong'ambikapo.

"Dalaivala womvera chonchi sindingamupeze," anatero. "Makiyi sungani. Koma galimotoyi mawa ikokedwe, ipite kugalaja ya kutsidya kwa msewu. Aphunzitsi ndaona ntchito yawo."

Anatuluka osatsanzika. Imeneyo inali ntchito yaikulu yoyamba imene Mtchona anaipeza chibwerereni, ndipo anadziwa kuti pofika Loweruka madalaivala onse adzakhala atamva nkhaniyi, aliyense ataithira mchere wake.

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Pashelefu anatsitsa fyuluta yatsopano, natenganso kansalu konyowa.

"Bwera kuno. Uyambe wapukuta bokosi, pamene mphira umakhalapa. Uiike molunjika, uikanikize mpaka igwire mbali zonse. Zokolera za chivundikiro zitseke zonse, osati zitatu. Ikadzadza fumbi, ugule ina. Ndipo sabata iliyonse chala m'paipi. Chikatuluka chofiira, usalize injini."

Mng'ono wake anachita zonsezo kawiri, kenako anapukuta manja pathalauza.

"Nanga zimenezi zidzasintha liti, achimwene?"

Mtchona anatseka boneti ndi manja awiri.

"Ndikadzamva ndidzakuuza," anatero. "Ndili pompano."