Chidole Chogona Pamsewu

Ipyana anali atangotsegula laputopu yake pakhonde pamene mlongo wake Kenan analowa pabwalo ndi njinga yamoto, chisoti chikulendewera pachigongono ngati kadengu kopita nako kumsika. Mayi awo anasiya kupeta mpunga n'kumuponyera diso. Nkhondo ya chisoti pakhomopa inali yakalekale. Kenan, wakabaza wodziwika pa Mlare ponse, ankachivala pokhapokha akaona apolisi patali, ndipo lamba wa pachibwano sanammangepo chigulireni. Ankati lambayo amamukanyanga pakhosi, komanso dzuwa la ku Karonga si loti munthu azidzitsekera mumphika.

"Iwe umati ntchito yako ndi yogunditsa magalimoto," mayi anatembenukira kwa Ipyana. "Nanga mutu wa mlongo wakoyu, ukudikira uphwanyike kaye?"

Mayiwo sananame. Kutauni kumene ankagwira ntchito, Ipyana ankagunditsa magalimoto ndi njinga tsiku lonse, koma m'kompyuta, okwera ake ali zidole. Ngozi iliyonse yoyerekezayo inkatulutsa manambala osati masewera: chitsulo chapindika bwanji, khosi lagwedezeka motani, mutu wamenya pati. Fayilo imodzi inkalemera moti kuitumiza inali ntchito. Udindo wake unali kuifinya kuti ipepuke, osataya zofunika, kenako kuisanthula.

Kenan anaseka mpaka kugwira njinga. Anati ngati zidolezo zili ndi mawu, atumize kanema wake pa gulu la pafoni la akabaza, anyamata aweruze okha. Zikamugwira mtima, adzamanga lambayo mayi akuona. Koma anachenjeza kuti kanemayo akhale wopepuka, poti bando ya intaneti ya wakabaza ndi yolandirira makasitomala, osati yoonera sukulu ya mlongo wake.

Ipyana anapsa mtima ndi chipongwecho, ndipo kupsa mtimako n'kumene kunamupusitsa. Anasankha ngozi ya njinga yogundana ndi galimoto, chidole chitavala chisoti chosamanga. Pofuna kuti fayilo ichepe msanga, anauza kompyuta izitola chithunzi chimodzi n'kudumpha zambiri, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mofanana. Netiweki itangobwera anatumiza osaonera n'komwe, iye amene kuntchito amakalipira anzake pa zomwezi!

Koma ngozi imachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo kuphethirako kunagwera m'zithunzi zodumphidwa. Zimene akabaza anaona ndi izi: chidole chikuyenda bwinobwino panjinga, kenako mwadzidzidzi chagona chagada pamsewu, manja tambasu, chisoti chili pambali pake ngati chachita kuvula chokha.

Pasiteji ya akabaza panali phwete. Anyamata anachitcha chidolecho Morton, dzina la mnzawo wina amene amagona panjinga masana makasitomala akudutsa. Morton weniweniyo anakondwa nazo, n'kumauza aliyense kuti tsopano watchuka. Pofika madzulo kanemayo anali atafika kwa asodzi a ku Sangilo ndi alimi a ku Uraha, wina atamuikiramo kale nyimbo yogonetsa mwana. Kenan anabwera kunyumba misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Mlongo wanga, yewo chomene," anatero. "Watisonyeza kuti ngozi ndi tulo tabwino."

Ipyana anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Koma ataonera yekha kanemayo, naye anagwa nako kuseka, chifukwa chidolecho chinagonadi mokoma. Chimene chinamudula kuseka ndi mayi, omwe sanaseke n'pang'ono pomwe. Iwo ankangoyang'ana chisoti chili pachigongono paja, ndipo Ipyana anaona kuti mayi akuopa zenizeni. Nayenso mantha anamugwira: m'malo momanga lamba, iye anali atamumasuliratu.

M'mawa mwake anakhala pansi n'kugwira ntchitoyo mmene amaidziwira. Msewu wautali uja, mitengo, mawilo, zonse anataya. Anasunga kuphethira kuja kokha, chithunzi chilichonse, n'kukuchedwetsa kuti diso likwanitse kutsatira. Anaika zidole ziwiri moyandikana, china lamba womanga, china wosamanga, ndipo manambala onse a m'mutu anawasandutsa mtundu umodzi: pamene pamenyedwa kwambiri pazifiira. Fayilo inatuluka yopepuka kuposa yoyamba ija. Ulendo uno anaionera kaye, kenako anaitumiza ndi mawu akuti, "Mmene Morton anagonera."

Ndani akanakana kutsegula? Amene anaseka dzulo onse anathamangira kuti asekenso. Ipyana anapita yekha pasiteji, n'kupeza anyamata ataunjikana pa foni ya Kenan, mano ali panja kudikira nthabwala. Anaona njinga ikukhudza galimoto pang'onopang'ono. Anaona chisoti chosamanga chikuchoka pamutu, n'kuuluka chokha, mwini wake akadali m'malere. Kenako mutu wopanda kanthu unafika pa tala, n'kufiira wonse psuu. Chidole chinacho chinagubuduka ndithu, koma chisoti chili pomwepo, mutu wangoderako pang'ono.

Morton weniweni anadzigwira kunkhongo, n'kunena motsitsa kuti tulo totere iye satifuna. Wina anapempha kuti aubwerezenso, ndipo anaubwereza.

Kenan anaika foni m'thumba. Anabweza njinga, n'kuuza Ipyana akwere, nalunjika kunyumba. Pabwalo anaitana mayi, anavala chisoti, n'kuyamba kulimbana ndi lamba. Koma lambayo anali atauma gwaa ndi dzuwa ndi fumbi, ndipo mwini wakeyo, katswiri wa misewu yonse ya Mlare, sankadziwa kuti kachitsulo kamalowa mbali iti. Ipyana anaseka mpaka kukhala pansi.

Mayi anaika lichero pambali, anapukuta manja pachitenje, n'kumumangira okha ngati mmene ankamumangira mabatani a yunifolomu ali mwana. Anakoka lambayo kuti aone ngati wagwira, n'kugogoda pamwamba pa chisoti ndi chala.

"Lambayu akundikanyanga, amama," Kenan anadandaula.

"Azikukanyanga," anatero mayi. "Pita ukagwire ntchito."