Tsiku Lokwirira Mipesa kwa Ostrander

Pa zolengedwa zonse, Wendell Ostrander ankadana kwambiri ndi alendo a ku Toronto. Munthu wavutika chaka chathunthu kuti vinyo apezeke, iwo n'kubwera, kununkhiza, kuchukucha m'kamwa ngati akutsuka mano, basi n'kulavulira m'chidebe. Chipongwe chake!

Kuno ku Prince Edward County, mpesa ukapanda kugonekedwa pansi n'kukwiriridwa ndi dothi chisanu chisanafike, ndiye kuti wapita. Wailesi inali italengeza kuti pofika Lolemba nthaka iuma gwa. Thirakitala yokwirira mipesa nayo inasankha Loweruka lomwelo kuti iwonongeke, mizere isanu yomwe Wendell anabzala ndi malemu bambo ake idakali pamtunda. Anangokhala pa tayala, manja ali m'khosi.

Si iyo basi ya alendo yatulukira.

"Pepani bambo," anatero mayi wina wa nsapato zoyera mbee, akuyang'ana mizere yokwirira kale ija, "ife tabwera kudzajambula mipesa, koma kuno kukungokhala ngati kumanda. Wamwalira ndani?"

"Ine," anayankha Wendell.

Mkazi wake, Lorraine, munthu woti akhoza kukugulitsa mphepo iwe n'kuthokoza, anaomba m'manja.

"Koma ndiye muli ndi mwayi! Lero ndi tsiku la mwambo wathu wogoneka mipesa. Aliyense akwirira wake n'kuupatsa dzina. Mafosholo ndi ochepa, wochedwa zake zimenezo."

"Mwambo utiwo?" Wendell ananong'ona.

"Tangokhalani chete inu. Thamangani mukabwereke mafosholo kwa aneba."

Anthu ophunzira bwino analimbirana mafosholo ngati ana. Bambo wina wa tayi anatcha mpesa wake dzina la apongozi ake, ndipo palibe anakwirira mozama kuposa iye. Dzuwa lisanalowe mizere isanu ija inali itagona yonse.

Wendell anayenda mzere ndi mzere akupondaponda dothi, misozi ili lengelenge. Manyazi anamugwira. Anatsikira kuchipinda chapansi n'kutulutsa mabotolo a vinyo omwe ankabisira ngakhale Lorraine.

"Uyu ndi wa mipesa ya bambo anga, imene mwaipulumutsayi," anatero akuthira.

Mayi wa nsapato uja, nsapatozo tsopano zili matope okhaokha, ananunkhiza, kuchukucha, kenako anayamba kuunguza chidebe, masaya ali tuu. Wendell anali atachivundikira n'kukhalapo.

"Mezani, mayi," anatero. "Ameneyu mwamukhetsera thukuta."