Magazi a Tsiku Loipa

Matenda a Hana anali amanyazi, sankafuna kuonedwa ndi anthu akuchipatala. Kunyumba ankamugwetsa pamphasa, thupi lili moto, mutu ukung'ambika, maso atachita chikasu. Koma akafika kuchipatala cha mishoni ku Msumba ankapezeka mkazi wabwinobwino, wosamba, wodzola mafuta, wovala nsalu yake ya Lamulungu.

Mwamuna wake Barnaba, msodzi wa chakumpoto kwa Lunho, sankaona chodabwitsa pamenepa. Anali masiku a Kampani ya Nyasa. Amuna amphamvu anali atatengedwa ndi asipayi, asilikali a Kampaniyo, kukalambula msewu, ena atathawira kutsidya, ndipo iye anatsala chifukwa cha mwendo wotsimphina. Onyamula machila kunalibe, mwera nawo sunkalola bwato. Choncho Hana akagwa, ankadikira kuti adzuke, kenaka n'kuyenda naye wapansi.

Amayi ake a Barnaba, a Teodora, anali ndi yankho lawo.

"Matenda anji odziwa tsiku losinja chinangwa?" ankatero. "Tonse timagona m'nyumba yomweyi. Bwanji ine sandigwira? Atsikana a kumapiri a Maniamba awa, ntchito ya kunyanja imawalemera."

Hana anali ndi pakati pooneka kale, ndipo mimba yake yoyamba inachoka chaka chatha pa kutentha thupi kotereku. Barnaba ankaopa kukumbanso kamanda kena kuseri kwa nyumba, mwinanso manda aakulu.

Amene ankaona odwala ku Msumba dokotala akakhala ku Likoma anali a Gideoni, munthu wadazi wokonda kufunsa mafunso ambiri. Anali atamupatsa kale Hana kwinini, osathandiza. Anali atayang'ana kale magazi ake pamakina a magalasi, osapezamo kanthu. Ulendo uno atamuona akulowa, anagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwandibweretsera wodwala kapena mkwatibwi?"

"Dzana anatsala pang'ono kufa, bambo."

"Nanga dzanalo munali kuti?"

"Timadikira kuti achire."

"Kuti mutani?"

"Kuti tibwere naye kuchipatala."

A Gideoni anakhala pansi pang'onopang'ono. Anafunsa Hana ngati kutenthako kumatha ndi thukuta lambiri, ngati kumabweranso iye atayamba kale kutunga madzi, ndiponso kuti kwawo n'kuti. Anafunsa ngati usiku chimamuluma china chake chochokera m'ming'alu ya pansi.

"Nkhufi basi," anatero Barnaba. "Zimaluma aliyense."

"Inu zinakulumani muli khanda, thupi linazolowera. Awa ndi alendo." Anatembenukira kwa Barnaba. "Ndinu msodzi. Mumaponya khoka usipa utachoka? Tizilombo ta malungo a nkhufi timaoneka m'magazi thupi likamatentha basi. Inu mumandibweretsera magazi a tsiku labwino."

Mankhwala analipo, obaya mumtsempha, koma anali aukali moti mayi wapakati sangamubaye mongoganizira. A Gideoni anapempha kuti Hana agone konko adikire kutenthako. Hana anakana mwaulemu: chinangwa chinali m'madzi, ndipo apongozi akananena kuti wathawa mtondo.

"Chabwino," anatero a Gideoni. "Ngati munthu sanyamulika, magazi amanyamulika."

Anapatsa Barnaba singano ndi timagalasi tating'ono tosalala, namuphunzitsa pa chala chake chomwe: kubaya, kudontheza, kukoka dontholo ndi galasi lina kuti lipyapyale, n'kusiya liume.

Kutenthako kunabwera m'mawa wina Hana akusesa. Barnaba, munthu amene ankatumbula kampango akucheza, anagwira chala cha mkazi wake, n'kuzengereza kuchibaya.

"Tsopano ukumutemera mphini zachizungu?" anafunsa a Teodora ali pakhomo.

Galasi loyamba analipaka magazi ngati phala. Lachiwiri linapyapyala. Analikulunga m'kansalu, n'kuyamba ulendo, mwendo woipawo ukukokera kumbuyo pamiyala.

Ku Msumba a Gideoni anathirapo utoto, n'kuwerama pamakina nthawi yaitali. Kenaka anakodola Barnaba.

"Tsekani diso limodzi. Ayi, linalo."

Barnaba anayamba waona nsidze zake zomwe. Kenaka anaona timadontho tofiirira, ndipo pakati pake timaulusi topotanapotana, ngati tothothoka ku ukonde wakale. Tizilombo tija tinalipodi. Anazindikira kuti nayenso, masiku ena, ankaganiza ngati amayi ake.

M'mawa mwake anafika kumudzi awiri, a Gideoni atasenza kabokosi. Hana anali asakuzindikiranso bwino anthu. Asanasungunule mankhwala, a Gideoni anaitana a Teodora.

"Amayi, mumve bwino. Ndikabaya, ayamba aipiraipira. Anjenjemera, atentha kuposa apa, kenaka afooka ngati akutsirizika. Ndi tizilombo tikufa nthawi imodzi. Musamudzutse, musamukhazike. Za mwanayo sindikulonjeza."

"Mankhwala anji oyamba ndi kupha?"

"Omwe tili nawo, amayi. Tikapanda kubaya, tingataye onse awiri."

Anabaya. Dzuwa lisanafike pamutu Hana anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Anamufunditsa nsalu zonse za m'nyumba. Kenaka thukuta linatsika ngati wamuthira madzi, manja anazizira, milomo inayera. A Teodora anakuwa, nathamangira kukamukweza kuti amutsamiritse pachifuwa pawo, monga amachitira ndi munthu amene akupita.

"Amayi, musiyeni!" Barnaba anali asanawagwirepo amayi ake pamkono chibadwire. Tsiku limenelo anawagwira.

"Wamupha mwana wa eni! Ndikanena chiyani ku Maniamba?"

A Gideoni sanadzutse mutu. Zala zawo zinali pamkono wa Hana, kutsatira mtsempha umene unkagunda mofulumira koma mopanda mphamvu. Anauza Barnaba kuti aike mtolo wa ukonde pansi pa miyendo ya Hana kuti magazi abwerere kumutu. Anapatsa a Teodora chikho cha madzi owiritsa.

"Manja anu ndi abwino kuposa athu. Pang'onopang'ono, pamilomo. Akameza, muonjezere."

Mayiyo anagwada n'kuyamba kudontheza, akulira chamumtima. Zinatenga nthawi yaitali, nkhuku zikulowa ndi kutuluka popanda wozithamangitsa. Mthunzi utayamba kutalika, a Gideoni anasiya mkono uja n'kupukuta dazi lawo.

"Wadutsa. Koma asagonenso pansi pano. Mumangireni bedi, ming'aluyi muzire."

Hana anatsegula maso, nayendetsa dzanja pamimba.

"Sakugunda," ananong'ona. "Chiyambire dzulo."

Apa panali vuto lina. Mwamuna wachilendo sakanaika khutu pamimba ya mkazi wa mwini, ndipo mwamuna wake sankadziwa choti amvere. A Gideoni anatuluka, namukoka Barnaba, n'kuima kuseri kwa chitseko chabango.

"Amayi, ikani khutu pansi pa mchombo, chakumbali. Mukanikize ndithu. Mukamva kugunda kwapang'onopang'ono, ndi mtima wa mayi. Funani kothamanga, ngati mtima wa kamwanapiye mukakagwira m'manja."

M'nyumba munali zii. Barnaba ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Palibe," anatero a Teodora.

"Sunthirani mbali inayo."

Kunamveka mphasa ikukhwekhwereza, kenaka chete wina wotalika kuposa woyamba uja.

"Inu panjapo, tatontholani!" anakalipa mayiyo, ngakhale panalibe amene analankhula. Kenaka mawu awo anatsika. "Alipo. Akuthamanga ngati waba nsomba. Gona, mwanangu, usadzuke. Chinangwa ndikavuula ndekha."